Mutu 9: Kusunga ndi Kumvera Nyimbo Yathunthu Pakhomo

Tsiku la msika pa Mponela, pa Madisi kapena pa Malomo ku Ntchisi, khutu silipuma. Wogulitsa kaunjika ali ndi sipika yake, wa kabaza wamangirira yake pa handulo, ndipo m'kashopu kometera muli sabuufa yomwe ikugwedeza malata. Zambiri mwa nyimbozi zinadutsa pa benchi imodzi, ya mnyamata wobena nyimbo. Iyeyu amakhala ndi kompyuta yakale, kiyibodi yofufutika zilembo, ndi kachipangizo kolowetsamo memori khadi. Kasitomala amangoti, "Mundiikire za kwaya, za ukwati, ndi zachikale pang'ono." Asanamalize n'komwe kucheza ndi anzake pakhonde, nyimbo mazanamazana zalowa kale m'khadi.

Njira imeneyi yafikitsa nyimbo m'midzi yomwe CD sinapondemo. Komabe pali chimene ambiri sitidziwa: kuti nyimbo zikwane zochuluka chotero m'kakhadi kamodzi, iliyonse inayamba yabudulidwa. Mutu uno ukufotokoza chimene chimachotsedwa, mmene nyimbo ingasungidwire yathunthu pa kompyuta imodzi ya pakhomo, ndiponso mmene ingayendere kuchoka pamenepo kukatulukira ku masipika abwino popanda kugula bandulo ya intaneti.

Mawu asanduka manambala

Ng'oma ikalira, chikopa chake chimakankha mpweya, mpweyawo n'kumanjenjemera mpaka kukafika m'khutu. Kunjenjemerako kukakhala kochedwa timamva mawu aakulu, monga a ng'oma yaikulu ya mganda. Kukakhala kofulumira timamva mawu aang'ono, monga a chisekese kapena kherere. Khutu la mwana limamva kuyambira kunjenjemera ka 20 pa sekondi mpaka ka 20,000. Munthu akamakula malire a pamwambawa amatsika, moti akuluakulu ambiri samvanso chilichonse chopitirira 16,000.

Maikolofoni imasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala magetsi okwera ndi kutsika. Kompyuta imayeza magetsiwo pafupipafupi n'kumalemba nambala pa muyezo uliwonse. Pamene makampani a Sony ndi Philips ankatulutsa CD mu 1982, anali atagwirizana kale kuti muyezo uzichitika ka 44,100 pa sekondi, ndipo nambala iliyonse izisankhidwa pa masitepe 65,536, zomwe akatswiri amati 16 bit. Izi zimachitika kawiri nthawi imodzi, mbali ya kumanzere ndi ya kumanja. Nambala ya 44,100 sanangoitola. Masamu amati kuti mawu alembedwe mosaphonya, ayenera kuyezedwa mofulumira kuposa kuwirikiza kawiri kunjenjemera kwake. Kuwirikiza 20,000 kawiri ndi 40,000, ndiye CD imakwanitsa kunyamula zonse zimene khutu la munthu lingamve.

Vuto ndi kukula kwa katunduyo. Mphindi imodzi ya nyimbo yotere imadya malo oposa pang'ono 10 MB. Nyimbo ya mphindi 4 ikasungidwa m'fayilo ya WAV, yomwe ndi manambala onse monga analembedwera, imafika cha m'ma 42 MB. M'zaka za m'ma 1990, pamene makompyuta anali ndi malo ochepa ndipo intaneti inkayenda pa waya wa telefoni, fayilo yotere inali chimtolo chosasenzeka.

Kudinda ndi kutaya

Mlimi wa fodya wa ku Dowa amadziwa njira ziwiri zochepetsera mulu wa fodya m'chigafa. Atha kuudinda ndi jeke mpaka ukhale belo. Muluwo wachepa, koma tsamba lililonse lilimo, ndipo belolo likamasulidwa ku okushoni fodya yense amapezeka. Athanso kungochotsa masamba ena n'kuwataya. Apa mulu uchepa kwambiri, koma amene atayidwawo sabwereranso. Mafayilo a nyimbo amachepetsedwa m'njira ziwiri zomwezi.

Njira yotaya ndi ya MP3. Anaikonza ndi akatswiri a bungwe la Fraunhofer mumzinda wa Erlangen ku Germany, mmodzi mwa iwo Karlheinz Brandenburg. Inakhazikitsidwa ngati muyezo wa dziko lonse mu 1993, ndipo dzina lakuti mp3 linasankhidwa mu 1995. Nzeru yake yagona pa kufooka kwa khutu. Mawu amphamvu akalira, amaphimba mawu ofooka amene ali nawo pafupi, ndipo khutu silimva ophimbidwawo. Pulogalamu ya MP3 imawerengera mawu amene akuoneka kuti aphimbidwa, n'kuwataya kapena kuwalemba mwachisawawa. MP3 ya 128 kbps, yomwe ndi yofala pa mabenchi obenera, imasunga gawo limodzi lokha mwa magawo 11 a kukula kwa nyimbo ya pa CD, ndipo kawirikawiri imadula mawu onse opitirira 16,000. Nyimbo ya 42 MB ija imatsala yosakwana 4 MB. AAC, imene amagwiritsa ntchito a Apple ndi a YouTube, komanso Opus ya mauthenga a mawu a pa WhatsApp, ndi za banja lomweli.

Njira yodinda ndi ya FLAC, imene Josh Coalson anaitulutsa mu 2001, ndipo aliyense ndi womasuka kuigwiritsa ntchito osalipira. FLAC sitaya nambala ngakhale imodzi. Imapezerapo mwayi poti manambala otsatizana a nyimbo sasiyana kwambiri. Poona manambala angapo apitawo, pulogalamu imalosera nambala yotsatira, n'kulemba kusiyana kokha pakati pa cholosera ndi nambala yeniyeni. Kusiyanako kumakhala kochepa, choncho kumadya malo ochepa. Pomvera, kompyuta imabwereza masamu omwewo chobwerera, manambala onse n'kutuluka ndendende monga analowera. Fayilo ya FLAC imasunganso chidindo cha masamu chotsimikizira kuti palibe chimene chasokonekera. Nyimbo ya 42 MB imatsika kufika cha m'ma 25 MB. A Apple ali ndi yawo yotchedwa ALAC, ya mu 2004, yogwira ntchito mofananamo.

Apa tikuona chifukwa chake wobena nyimbo amakonda MP3. Khadi la 8 GB limalowa nyimbo pafupifupi 2,000 za MP3, koma za FLAC limangolowa 300 ndi zina pang'ono. Kasitomala amawerenga kuchuluka kwa nyimbo, ndiye palibe angamudzudzule mnyamatayo.

Kodi khutu limamva kusiyana?

Ogulitsa zipangizo zodula amakonda kukokomeza nkhaniyi. Zoona zake n'zakuti MP3 yopangidwa bwino kuchokera ku gwero labwino, pa 256 kapena 320 kbps, anthu ambiri saisiyanitsa ndi CD akamamvera asakudziwa imene ikulira. Aliyense atha kudziyesa. Pulogalamu yaulere ya foobar2000 ili ndi kachigawo kowonjezera kotchedwa ABX, komwe kamaliza mafayilo awiri mobisa n'kukufunsa kuti uloze. Ambiri amene amadzitama ndi khutu amabwerako atafatsa.

Pa 128 kbps ndi kutsika m'munsi, kusiyana kumayamba kumveka, makamaka pa mawu odzidzimutsa ndi osalongosoka: kuwomba m'manja, chisekese, maseche, mkuwa wa pa ng'oma za bandi. Nyimbo zathu n'zodzaza ndi zimenezi. Amayi akamawomba m'manja pa chisamba, MP3 yofinyidwa kwambiri imachititsa kuti kuwombako kumveke ngati kwanyowa, ndipo chisekese chimangoti waaa osamvekanso njere zake.

Koma chimene chimaononga nyimbo kwambiri ndi kudulidwa mobwerezabwereza. Taganizirani kwaya ya mpingo wina ku Nthondo yomwe yasonkha ndalama n'kukajambula ku situdiyo ku Lilongwe. Wa situdiyo wawapatsa MP3 pa fulashi: kudula koyamba. Wojambula vidiyo waiika nyimboyo pa kanema wake: kachiwiri. Kanemayo waikidwa pa YouTube kapena pa Facebook, komwe amamufinyanso: kachitatu. Wobena nyimbo pa Kamsonga waitsitsa n'kuisandutsa MP3: kachinayi. Mwini khadi akuiliza pa foni kudzera pa Bluetooth, yomwenso imafinya mawu isanawatumize ku sipika: kachisanu. Pa sitepe iliyonse pulogalamu imataya zina pa zimene inzake inasiya. Ikamafika kumapeto, mawu a atsikana a soprano amamveka ngati akuimbira m'madzi, ndipo omvera amada situdiyo kapena kwaya.

Pali chinyengo china choyenera kuchidziwa. Kusandutsa MP3 kukhala FLAC kapena WAV kumangokulitsa fayilo, sikubwezeretsa chimene chinatayidwa. CD yobenedwa kuchokera ku MP3 nayonso ndi MP3 yomweyo. Pulogalamu yaulere ya Spek imajambula chithunzi cha mawu a m'fayilo. Mukaona mzere wodukiratu pa 16,000, pamwamba pake pali mdima wokhawokha, kawirikawiri ndiye kuti nyimboyo inadutsapo pa MP3.

Seva ya pakhomo

Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kusunga mafayilo ndi kuwapereka ku zipangizo zina zikawapempha. Spotify, yomwe inayamba kupezeka m'Malawi mu 2021, imayendera maseva akuluakulu a kunja, ndipo nyimbo iliyonse imadya bandulo. Kumvera FLAC pa intaneti kwa ola limodzi kumatha pafupifupi 350 MB, kutanthauza kuti bandulo ya 1 GB yatha m'maola atatu. Onjezanipo kuti m'zigwa za pakati pa mapiri a Dowa ndi Ntchisi netiweki imabwera n'kumapita. Seva ikakhala m'nyumba mwanu momwemo, mavuto awiriwa palibe. Nyimbo imayenda mamita ochepa okha, kuchoka kuchipinda kupita pabalaza, ndipo kampani ya foni silowererapo.

Dongosolo lake lili ndi zigawo zinayi.

Choyamba ndi chosungira. Laputopu yakale, ngakhale yosweka galasi, imakwanira, chifukwa kupereka nyimbo si ntchito yolemetsa kompyuta. Ubwino wake ndi woti ili ndi batire lake, ndiye magetsi akathima sizima mwadzidzidzi. Ena amagwiritsa ntchito Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja komwe kanayamba kugulitsidwa mu 2012 kuchokera ku Cambridge ku England. Nyimbozo zimakhala pa hard disk. Ya 1 TB imasunga zimbale za FLAC pafupifupi 3,000.

Chachiwiri ndi pulogalamu ya seva. Imeneyi imawerenga mafayilo onse, n'kuwasanja potsata woimba, chimbale, chaka ndi mtundu wa nyimbo. Zaulere zodziwika ndi Jellyfin, Navidrome ndi Lyrion Music Server. Yomalizayi ili ndi mbiri yaitali: inayambira ku kampani ya Slim Devices ya ku America, yomwe inatulutsa kachipangizo komvera nyimbo pa netiweki ya m'nyumba mu 2001, kenako inagulidwa ndi Logitech mu 2006, ndipo lero ikusamalidwa ndi anthu ongodzipereka. Masipika ndi ma TV ena amamva chinenero chotchedwa DLNA kapena UPnP, ndipo amaipeza okha seva ikangoyaka.

Chachitatu ndi msewu wa nyimbo, womwe ndi rauta. Anthu ambiri amaganiza kuti rauta yopanda bandulo ndi yakufa. Ayi ndithu. Imalumikizabe zipangizo za m'nyumba kuti zizilankhulana zokhazokha. Nyimbo ya FLAC ya muyezo wa CD imafuna liwiro losakwana 1.5 Mbps, pamene WiFi wamba amanyamula zochuluka kuposa apa kambirimbiri. Chimene chimafooketsa WiFi ndi zipupa zochindikala za njerwa zootcha ndi malata. Ngati nyimbo ikudukaduka, waya wa Ethernet ndiye mankhwala. Umayenda mpaka mamita 100 osataya kanthu.

Chachinayi ndi cholizira. Manambala aja ayenera kubwerera kukhala magetsi okwera ndi kutsika, ndipo ntchitoyi imagwiridwa ndi kachipangizo kotchedwa DAC. Foni iliyonse ndi kompyuta iliyonse ili ndi DAC yake mkati, koma ya padera yolumikiza pa USB nthawi zambiri imatulutsa mawu oyera, opanda kulira kwa magetsi a m'kompyuta. Kuchoka pa DAC, mawaya awiri, wofiira ndi woyera, amalowa kumbuyo kwa ampulifaya polembedwa AUX, ampulifaya n'kukankha masipika. Wailesi yaikulu ya kaseti ya m'zaka za m'ma 1990, ngati ili ndi polowera AUX, imagwira bwino ntchitoyi ngakhale mbali ya kaseti inafa kalekale.

Zikalumikizidwa, kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Bambo ali pakhonde atsegula pulogalamu pa foni, alemba dzina la Allan Namoko kapena Alleluya Band, zimbale zonse zaonekera. Akadina nyimbo, foniyo imangotumiza uthenga. Seva ndiyo imatumiza fayilo ku cholizira pabalaza. Nthawi yomweyo mwana ali kuchipinda akumvera zake pa mahedifoni kuchokera pa seva yomweyo, palibe kulandana khadi. Chofunika kukumbukira n'chakuti Bluetooth ikangolowa panjira, nyimbo yafinyidwanso, chifukwa njira yake wamba yotchedwa SBC ndi yotaya. Amene akufuna nyimbo yathunthu mpaka kumapeto adutsitse pa waya kapena pa WiFi.

Ndalama zikakhala zochepa, ziyambe zapita ku masipika. Kusiyana kwa sipika yabwino ndi yoipa aliyense amakumva ali pakhomo, pamene kusiyana kwa DAC yotchipa ndi yodula n'kochepa zedi. Sabuufa zambiri za pamsika zimakuza besi mpaka kumiza mawu a woimba. Chipinda nachonso chimaimba nawo: pansi pa simenti, zipupa zopanda kanthu ndi denga la malata lopanda siling'i zimabweza mawu n'kuwasokoneza. Mphasa kapena kapeti pansi, makatani, mipando ya nsalu, ndi kuchotsa masipika pakona n'kuwakweza kuti alingane ndi makutu a munthu wokhala pansi, zimasintha kamvekedwe kuposa waya wodula aliyense.

Magetsi, mphenzi ndi fumbi

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi ndizo zinkaunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo ndi za m'tauni. Kwa munthu wa kwa Chikho, kwa Kasakula kapena kwa Msakambewa, funso loyamba ndi lakuti zonsezi ziyaka ndi chiyani. Mwayi wake, seva yaing'ono sidya magetsi ambiri. Raspberry Pi, rauta ndi chosungira pamodzi zimadya cha m'ma 15 watts. Kuziyatsa maola 6 madzulo ndi 90 watt-hours, pamene batire la sola la 12 volts ndi 50 Ah limasunga 600, ngakhale kuti la mtundu wa asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka. Pali maampulifaya ang'onoang'ono a mtundu wa Class D omwe amayaka pa 12 volts mwachindunji ndipo sawononga mphamvu yambiri potentha. Kupewa inveta kuli ndi phindu linanso: mainveta otchipa amalowetsa kulira kwa "zzz" m'masipika.

Adani a seva kuno ndi atatu. Woyamba ndi kuzima kwadzidzidzi, komwe kumatha kuononga mafayilo pamene akulembedwa. N'chifukwa chake batire ndi lofunika ngakhale kwa amene ali pa magetsi a ESCOM. Wachiwiri ndi mphenzi za m'dzinja, zomwe m'mapiri muno sizisowa. Mitambo ikayamba kugunda, kuzula mapulagi ndi chitetezo choposa china chilichonse. Wachitatu ndi fumbi la m'chilimwe ndi chinyontho cha nkhungu ya mu June ndi July. Zipangizo zikhale pamwamba, popita mpweya, osati pansi kapena m'kabati yotsekeka.

Hard disk iliyonse idzafa tsiku lina, ndipo sipereka chenjezo nthawi zonse. Osunga zinthu zakale ali ndi lamulo losavuta: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kunyumba ina. Memori khadi ndi fulashi si zosungirapo chinthu cha mtengo wapatali. Zimafa msanga, ndipo pamsika pali zina zachinyengo zolembedwa 64 GB pomwe mkati muli malo ochepa. Zimaoneka ngati zalandira mafayilo onse, koma pofuna kuwatsegula mupeza ambiri ndi opanda kanthu.

Nyimbo zathunthu zichokera kuti?

Gwero loyamba ndi ma CD enieni amene anthu anagula kale. Pulogalamu yaulere ya Exact Audio Copy imawerenga CD mosamala, kubwereza pomwe pakalika, n'kutulutsa FLAC. Gwero lachiwiri ndi kugula mafayilo kwa oimba eni ake, kapena pa malo a pa intaneti monga Bandcamp omwe amagulitsa FLAC. Lachitatu ndi makaseti. Kwa zaka zambiri nyimbo za m'Malawi zinkayenda pa kaseti, zambiri kudzera m'sitolo ya O.G. Issa ku Limbe, ndipo makaseti amenewo akadali m'masutikesi m'midzi. Wailesi ya kaseti yotsukidwa mutu, waya wolowa mu kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya Audacity n'zokwanira kuwapulumutsa. Phokoso la tepi lidzamvekabe, chifukwa FLAC sikongoletsa nyimbo, imangosunga chimene yapatsidwa. Koma kuyambira tsiku limenelo nyimboyo yasiya kukalamba, pamene tepi ikupitiriza kuchita nkhungu ndi kutafunidwa.

Ntchito yotopetsa koma yofunika ndi kulemba mbiri m'fayilo iliyonse: dzina la nyimbo, woimba, chimbale, chaka. Pa makadi a pamsika nyimbo zambiri zimangolembedwa "Track 01", kapena zili ndi dzina ndi nambala ya foni ya wobena m'malo mwa dzina la woimba. Seva imasanja potsata zolembedwazo, ndiye zikalakwika, nyimbo imasowa ngakhale ilimo.

Pali ndi mbali ya lamulo. Nyimbo ili ndi mwini wake. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limatolera ndalama m'malo mwa oimba ndi olemba, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 linabweretsa msonkho wapadera pa zipangizo zosungira ndi kukopera, womwe ndalama zake zimagawidwa kwa eni luso. Kusunga kope la chimbale chomwe munagula kuti muzimvera pakhomo ndi nkhani ina. Kugulitsa makope, kapena kuliza nyimbo m'bala, m'sitolo ndi pa zochitika zolipiritsa, kumafuna chiphaso.

Phunziro la ku Visanza

Boma la Ntchisi kale linkatchedwa Visanza. Dzinali likupezekabe pa zolembera za nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, pamene derali linali pansi pa boma la Kota Kota. Tracey ankayenda ndi makina a tepi, maikolofoni ataigwira pamanja n'kumaisendeza kwa woimba kapena kwa ng'oma malinga ndi mmene nyimbo ikuyendera, ndipo akamaliza ankawalizira oimbawo kuti adzimve. Pa nyimbo iliyonse ankalemba malo, chinenero, mtundu wa gule ndi amene aimba. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, yomwe mu 1978 inasamukira ku Rhodes University ku South Africa. Zimbale zake za Sound of Africa zinaposa 200.

Nyimbo zimenezo zikumvekabe lero pa zifukwa ziwiri: tepi yoyambirira inasungidwa, ndipo mbiri yake inalembedwa. Luso latsopano litabwera, akatswiri anabwerera ku tepi ija n'kuikopera mu kompyuta yathunthu. Mabungwe osunga mawu padziko lonse amatsata mfundo yomweyi, kuti kope losunga likhale losadulidwa, ndipo kope lofinya likhale longoyendera.

Masiku ano m'maboma a Dowa ndi Ntchisi mukujambulidwa nyimbo zambiri kuposa zimene Tracey akanatha kujambula moyo wake wonse. Makwaya a ku Mvera ndi ku Kongwe, kumene mishoni zinayamba mu 1889 ndi mu 1894, magulu a mganda ndi malipenga awo a zikho, amayi a chimtali, ndi achinyamata a ku Dzaleka, komwe chikondwerero cha Tumaini chakhala chikuchitika kuyambira mu 2014, onsewa amajambulidwa pa mafoni ndi m'masitudiyo ang'onoang'ono. Koma zambiri zimangokhala pa foni imodzi, kapena pa kompyuta ya situdiyo yomwe idzafufutidwa malo akadzatha. Chimene chimatsala m'manja mwa anthu ndi kope lachinayi kapena lachisanu lija.

Apa ndi pamene seva yaing'ono ikupitirira kukhala chosangalatsa cha munthu wokonda masipika. Sukulu ya sekondale, mpingo, wailesi ya m'dera kapena bwalo la mfumu litha kukhala ndi seva imodzi yosungira nyimbo za dera lake, yomwe aliyense wofika pafupi angamvere pa foni popanda bandulo. Ilinso ndi ubwino wina umene intaneti ilibe: eni ake ndiwo amasankha womvera. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ali ndi nyimbo za pabwalo zimene aliyense amamva, komanso zina zomwe eni mwambo safuna kuti zizimwazika. Chinthu chikaikidwa pa YouTube chatuluka m'manja; chikakhala pa seva ya m'mudzi, akuluakulu atha kunena chimene chijambulidwe ndi amene achimve.

Gulu lililonse lopita ku situdiyo lingayambe ndi zinthu zitatu zosalira ndalama zambiri. Pokambirana mtengo, linene kuti likufuna mafayilo a WAV kapena FLAC pamodzi ndi a MP3. Situdiyo ili nawo kale, chifukwa MP3 imapangidwa kuchokera ku iwo. Potumizirana pa WhatsApp, fayilo ipite ngati Document, chifukwa ikatero imafika monga inachokera. Ndipo mlembi wa gulu alembe tsiku, malo, wopeka nyimbo ndi mayina a oimba, kope limodzi likhale kwa iye, lina kwa msungichuma. Za pa memori khadi zipitirire kuyenda monga mwa masiku onse, poti ndizo zimafikitsa nyimbo kwa anthu. Khadi likadzafa kapena njira ina yomvera ikadzabwera m'malo mwa MP3, gululo lidzapanga makope atsopano kuchokera ku fayilo yake yathunthu, osalipiranso situdiyo kachiwiri.